Nsomba imalumiranji chitsulo? Mmawa umodzi pa mchenga wa ku Senga Bay



Ambiri a ife kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje nsomba timaidziwira pa benchi la mumsika. Timadziwa mtengo wa mulu wa usipa, timatha kusiyanitsa utaka wouma bwino ndi woyamba nkhungu, ndipo anyamata ena a Fomu 1 ndi akatswiri okumba nyongolotsi n'kukawedza matemba ndi milamba mu Diamphwe. Koma nditafunsa m'kalasi kuti ndani anaonapo nsomba ikugwidwa ndi kachitsulo kokha, popanda chodyeka chilichonse pa mbedza, palibe anakweza mkono. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Aphunzitsi, nsomba si mbuzi yoti izingodya chilichonse." Inenso ndinkaganiza chomwecho mpaka tchuthi chapitachi.

Kumapeto kwa Ogasiti ndinapita kukaona alamu anga ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Salima boma. Iwowa anagwirako ntchito yoyendetsa boti la alendo kwa zaka zambiri, ndipo mlendo wina pochoka anawasiyira ndodo yowedzera yokhala ndi kawilo kokulungira twayini, komanso kabokosi ka nyambo zochita kupanga. Zina n'zapulasitiki, zooneka ngati kansomba kali ndi maso. Zina n'zachitsulo chonyezimira, zofanana ndi mutu wa sipuni wothyoka chogwirira. Titadya mgonero anandiuza kuti, "Alamu, tikangoswali Fajr tinyamuke. Dzuwa likafika pansonga ya mtengo wa mango uwo, ndiye kuti tachedwa."

Usodzi wamtunduwu, woyenda wapansi m'madzi osaya uku ukuponya nyambo yopanga, ndi wotchuka kwambiri ku nyanja zamchere, monga ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique ndi ku Seychelles. Kumeneko madzi amadzaza n'kuphweranso kawiri pa tsiku, ndipo nsomba zimakwera pa mchenga madzi akamabwera, n'kubwerera kwakuya akamachoka. Msodzi wa kumeneko amayendera nthawi ya madziwo. Nyanja yathu ilibe kudzaza ndi kuphwera kwa tsiku ndi tsiku koti munthu n'kukuona. Madzi ake amakwera ndi mvula ndipo amatsika m'chilimwe, monga tinaonera mu 2024 pamene anasefukira n'kumiza magombe ndi nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Choncho msodzi wa ku Senga Bay amayang'ana zinthu ziwiri: mphepo ndi kuwala. Kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, umene umavundula mchenga n'kudetsa madzi a m'mbali. Ife tinapezako mwayi: unali utayamba kufooka, ndipo mmawa umenewo nyanja inali phee, chilumba cha Namalenje chikuoneka ngati chatera pa mbale.

Chifukwa chopitira mbandakucha si ulesi wothawa dzuwa. Nsomba zodya zinzake zimaona bwino kukada pang'ono kusiyana ndi momwe tinsomba tating'ono timazionera izo zikamabwera. Chilombo chikakhala pansi n'kuyang'ana kumwamba, kansomba kamaoneka ngati chithunzithunzi chakuda pa thambo loyamba kuyera, pamene kansombako kakayang'ana pansi kamangoona mdima. Nthawi imeneyo ndi yochepa, mwina ola limodzi kapena awiri. Dzuwa likakwera, madzi osaya amasanduka bwalo loonekera. Nkhwazi ili pamtengo, akakowa ali m'mbali, amayi afika ndi zochapa, ana ayamba kusambira, ndipo nsomba yaikulu iliyonse yabwerera kwakuya.

Phunziro loyamba ndinalilandira ndisanaponye n'komwe. Ndinalowa m'madzi monga timawolokera mtsinje kwathu kuno, chubwi chubwi, ndipo alamu anandigwira phewa. "Mwathamangitsa kale ndiwo za masana," anatero motsitsa mawu. Kutsogolo kwathu ndinaona timikwingwirima ta fumbi la mchenga, tosonyeza pamene nsomba zathawira. Aphunzitsi a Physics akuuzani kuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi, pamene mumpweya limayenda mamita 340 okha. Kuwonjezera apo, nsomba ili ndi chiwalo chimene ife tilibe. Mukagula chambo chachiwisi, muyang'anitsitse m'nthiti mwake. Muona kamzere ka timabowo todutsa m'mamba kuchokera kumutu kulowera kumchira. M'kati mwa timabowoto muli timitsempha timene timamva kugwedezeka kwa madzi, moti nsomba imadziwa kuti china chake chikuyenda pafupi ngakhale isanachione, ngakhale usiku. Ndiye msodzi amayenda mokhwekhwereza mapazi pang'onopang'ono, osawatulutsa m'madzi.

Kenako anandiuza kuti ndiwerame. Ichinso chili m'buku lanu la Physics, pamutu wa kupindika kwa kuwala. Nsomba ikayang'ana kumwamba, dziko lonse la kunja imalionera pa kazenera kozungulira kamene kali pamwamba pa mutu wake, kotambasuka madigiri pafupifupi 97. Kunja kwa kazenerako, pamwamba pa madzi pamakhala ngati galasi longoonetsa pansi. Chinthu chachitali, monga mphunzitsi woimirira atavala mkanjo woyera, chimaonekera bwino lomwe. Chinthu chotsika pafupi ndi madzi chimafinyikira m'mphepete mwa kazenerako n'kusazindikirika. Kupindika komweku ndi kumene kumachititsa kuti nsomba izioneka ngati ili pafupi ndi pamwamba pamene ili pansi, n'chifukwa chake wobaya ndi mkondo amaloza mmunsi mwa pamene akuiona. Mkanjo uja ndinauvula, ndinatsala ndi malaya otuwa a alamu.

Tinayenda mamita ambirimbiri madzi akulekezabe m'mawondo. Mchenga unali woyera, wamizeremizere ngati malata, ndipo kwa ine mlendo unkaoneka ngati chipululu. Alamu sanaponye paliponse. Anapitirira mpaka pamene mtundu wa madzi unasintha kuchoka koyera kupita kobiriwira, pamene mchenga umayamba kutsetsereka kulowera kwakuya. Anati nsomba yosaka imakonda malire: malire a posaya ndi pakuya, a mchenga ndi udzu wa m'madzi, a bango ndi poyera. Imabisala mbali yamdima n'kumadikira chimene chisochere kuchokera mbali yowala. Anaponya sipuni ija cham'mbali, motsatira malirewo, osati molunjika pakati pa nyanja monga ndikanachitira ine.

Tsono nayi nkhani ya chitsulo. Sipuni ikamakokedwa simayenda molunjika. Chifukwa cha kupindika kwake imagwedera uku ndi uku, n'kumang'anima ngati nthiti ya usipa, ndipo kugwedezeka kwakeko kumafika pa kamzere kaja ka m'nthiti mwa chilombo. Nsomba siiganiza kuti yaona chakudya chokoma. Imangolandira zizindikiro zitatu nthawi imodzi: kukula koyenera, kung'anima, ndi kayendedwe kopunduka. Chachitatuchi ndiye mwini nkhani. Mu 1936 msodzi wina wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, atakhala nthawi yaitali akuyang'ana m'madzi a nyanja ya Päijänne, anaona kuti nsomba yaikulu ikalowa m'gulu la ting'onoting'ono imasankha kamene kakusambira mopendekera, kovulala. Anasema kansomba ka khungwa lopepuka, n'kukakulunga ndi pepala lonyezimira la chokoleti, n'kumakakonza mpaka kanayamba kugwedera ngati kodwala. Dzina lake lero lili pa nyambo zogulitsidwa m'mayiko ambiri, ndipo ziwiri mwa za m'kabokosi ka alamu zinali ndi dzina lomwelo. Chilombo chimawerengera mphamvu zake. Kuthamangitsa kansomba kamoyo kumatha mphamvu zambiri ndipo kawirikawiri kumalephereka, pamene kovulala n'kosavuta kugwira. Ndiye luso la msodzi lagona pa dzanja: kukulunga pang'ono, kuima, kugwedeza nsonga ya ndodo, kukulunganso. Alamu anati nsomba zambiri zimaluma pa kuima paja, sipuni ikamamira mopendekera ngati yakomoka.

Pa kuponya kwachisanu ndi chimodzi ndodo inapindika. Inali ncheni, yaitali ngati kuchokera pa chigongono kufika pa chikhatho, yoyera ngati ndalama yatsopano, mano ali pamtunda. Ncheni ndi mlenje wa usipa. Zambiri zimakhala pakati pa nyanja, koma zina zimayandikira kugombe kukamacha potsatira tinsomba. Patapita kanthawi, pafupi ndi bango, anagwiranso sungwa, nsomba ya kukamwa kwakukulu imene imabisala m'maudzu. Ine ndinapatsidwa ndodo kwa theka la ola. Ndinakola udzu katatu, ndinapiringiza twayini kamodzi, ndipo pamene china chake chinagunda sipuni mwamphamvu ndinadzidzimuka n'kukoka ngati ndikuzula chinangwa. Chinapita. Alamu anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," n'kulandanso ndodo yawo.

Chambo sichinalume, ndipo sichikanaluma ngakhale tikanaswera pomwepo. Chakudya chake ndi ndere ndi tizomera tating'onoting'ono toyandama m'madzi, moti chitsulo chothamanga sichikutanthauza kanthu kwa icho. Apa ndi pamene mnyamata wa kumbuyo uja ananena zoona: nsomba siidya chilichonse. Nyambo yopanga imasankha, imangokopa nsomba zosaka zokha, imodzi imodzi.

Nditafotokoza zimenezi m'kalasi, mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa ngati kumeneku si kunyenga, poti ine yemwe ndimawaphunzitsa kuti chinyengo n'choletsedwa. Funsoli ndinalikonda. Chinyengo choletsedwacho n'cha pakati pa anthu, pa sikelo, pa malonda, pa lonjezo. Kusodza kuti tidye n'kololedwa, ndipo msampha uliwonse, kaya ndi mono kaya nyongolotsi yobisa mbedza, umagwira chifukwa chobisa cholinga. Chimene sindingavomereze ndi kuzunza cholengedwa pofuna kusewera chabe, kapena kuchisiya chikuphiriphitha padzuwa pamene ukanatha kuchipha msanga. Ndipo m'nyanja yathu momwemo muli nsomba imene inayamba kale ukatswiri umenewu. Asodzi amaitcha kaligono, a sayansi amati Nimbochromis livingstonii. Thupi lake ndi lamawangamawanga ngati nsomba yoyamba kuwola. Imagona cham'mbali pa mchenga osagwedezeka, ngati yafa, ndipo tinsomba tikabwera kudzajompha mtembowo, mtembo umadzuka n'kumeza kamodzi. Nsomba imeneyi ndi msodzi, ndiponso ndi nyambo.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, pansi pakuoneka bwino, ndipo ndinazindikira kuti chipululu changa chija chinali mudzi. Pa mchenga panali timaenje tozungulira ngati mbale zokwiriridwa, ndi timilu tosongoka ngati tizulu. Izi ndi ntchito za nsomba zazimuna. Imatapa mchenga ndi pakamwa, kamwa limodzi limodzi, kwa masiku angapo, kumanga bwalo loti yaikazi idzaikirepo mazira. Zimene tinaonazo zinali za nsomba zing'onozing'ono. Bwalo la chambo limakula, lina limaposa mita imodzi m'mimba mwake. Mazira akaikidwa, mayi amawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu ingapo osadya bwino, kenako amakalavula anawo m'madzi osaya, pafupi ndi bango ndi udzu, kumene amakulira. Ana a chambo amenewa ndi amene timawagula pa dzina loti kasawala.

Kuti muone kufunika kwa malo amenewa, kumbukirani za Geography. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580 ndipo pena pake ndi yakuya mamita 700. Koma kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Gawo lalikulu la madzi amenewa ndi lopanda nsomba. Mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la chambo ndi mbuna, imene inachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, imakhala m'madzi a pamwamba, ndipo yambiri imadalira kampheto kopyapyala ka m'mbali. Tsono taganizirani khoka likamakokedwa kuchokera kutali kubwera kumtunda, chingwe chake chapansi chikukwakwaza mchenga. Limafafaniza mabwalo aja, limazula udzu, limakokolola amayi ali ndi ana m'kamwa. Pali nsomba ina, chimbenje, imene imadzikwirira mu mchenga khoka likamadutsa n'kupulumuka, koma zinzake zilibe nzeru imeneyo. Mmawa womwewo tinapeza ana anayi akukoka neti yogonamo, ya udzudzu, ndipo mu beseni lawo munali tinsomba tosakwana chala cha kankombaphala. Sindinawakalipire. Kwawo kunalibe ndiwo, ndipo ine ndinali nditanyamula ncheni yogwidwa ndi ndodo ya mtengo woposa malipiro a bambo awo a mwezi. Komabe zotsatira zake sizisintha chifukwa cha chisoni changa. Mu 2018 bungwe la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pa chiopsezo chachikulu chotheratu. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka kuyambira pa 1 Novembala, nthawi imene chambo chikuswana. M'boma la Salima momwemo, pa chilumba cha Mbenji, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi okha kuyambira Disembala mpaka Epulo kuchokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachokera kutali kukadikira tsiku lotsegulira.

Pali chinthu china chimene ndikufuna makolo amve, chifukwa ena mwa ana athu amapita kunyanja pa maulendo a sukulu. Kale anthu ankati likodzo lili m'madambo ndi m'mabango mokha, pa mchenga woyera palibe. Lero sizili choncho paliponse. Ofufuza otsogozedwa ndi Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, amene agwira ntchito zaka zambiri ku Chembe ku Mangochi, anapeza kuti kankhono kena kokhala mu mchenga wa poyera, Bulinus nyassanus, kamafalitsanso likodzo. Anaonanso kuti nsomba zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon imene ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi, zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali, nkhonozo zinachuluka, ndipo matendawa anachuluka nawo. Kayendedwe kake n'kotere: munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono n'kuchulukana, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene waima m'madzimo. Mukukumbukira m'phunziro la twahara kuti kukodzera m'madzi odikha n'koletsedwa. Timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, koma mmawa si chitetezo. Mankhwala alipo, praziquantel, omwe aja amagawidwa m'masukulu, koma amagwira bwino nyongolotsizo zikakhwima, patatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Kumwa tsiku lomwe wachoka kunyanja n'kungotaya mankhwala. Mwana akayamba kukodza magazi, musachite manyazi, pitani naye kuchipatala.

Tisanatuluke m'madzi, alamu analoza kummwera n'kunena kuti kumeneko sitipitako wapansi, chifukwa kumathiriro a Linthipe kuli ng'ona ndi mvuu. Kenako anandiseka: "Komanso kumeneko n'kumene kumafikira minda yanu." Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za pachilamu, koma ayi. Mitsinje ya Diamphwe ndi Lilongwe imachokera ku mapiri a Dzalanyama, imadutsa m'dera lathu lino, ndipo yonse imakathira mu Linthipe, amene amakalowa m'nyanja cha kufupi ndi zilumba za Maleri. Mvula ikagwa pa phiri lodulidwa mitengo ya makala, kapena pa dimba lolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi lofiira limene timaliona pa mlatho wa Diamphwe mu Januwale silithera pomwepo. Limakafika kunyanja, n'kudetsa madzi a m'mbali kwa mtunda wautali. Nsomba zosaka ndi maso zimavutika, kuwala sikufika pa udzu wa pansi, ndipo matope amakwirira mchenga. Mpasa, nsomba imene akatswiri oponya sipuni amaisirira kwambiri m'dziko muno, imachoka kunyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala toyera ta pansi pa mtsinje. Timiyalato tikakwiririka ndi matope, mazira amasowa mpweya. Mu Bua, mbali imene imadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, mitengo ikadalipo m'mbali ndipo mpasa ikadakwerabe. Linthipe alibe mpanda wotere. Madzi ake amadalira mmene ife a kumtunda tikulimira, kuphatikizapo dimba la masamba limene ine ndinatsegula chaka chatha mapazi ochepa chabe kuchokera pa khwawa.

Ncheni ija tinaiotcha pa makala, sungwa achemwali anga anaphika ndi tomato. Alamu anandipatsa sipuni imodzi yakale, yadzimbiri pang'ono, ndipo ili mu ofesi ya aphunzitsi. Amene akufuna kuona mmene imagwederera abwere Lachinayi tikaweruka, tikaikokere m'thanki ya kuseri kwa khitchini, mbedza nditachotsa. Ine pa kalendala yanga ndazunguliza sabata yachitatu ya Okutobala, yoti ndikayezetse mkodzo.